ZA MANKHWALA OTHIRA M'PETULO: OTSUKA NDI OPAKA

Abale anga acikumbi, masiku ano khasu silikhala lokha m'munda. Ambiri a inu amene mulima madimba ku Lunzu ndi ku Bvumbwe muli ndi pampu ya petulo yotungira madzi, ndipo ena muli ndi njinga yamoto yonyamulira matimati ndi kabici kunka nazo ku msika wa ku Limbe kapena wa ku Ndirande. Tsono pamene mulowa m'sitolo ya zitsulo za galimoto, muona timabotolo tandanda pa thandala, tofiira ndi takuda, tonse tolonjeza kuti mukathira m'petulo injini yanu idzabwerera ubwana. Nkwabwino kudziwa nchito ya mankhwala amenewa musanamasule ndalama pa mpango. Pakuti pampu ikafa mwezi wa October, dzuwa liri phwee, matimati sadzalinda kuti mubwere kwa makaniko.

Poyamba musiyanitse nchito ziwiri zimene ogulitsa azichula ngati imodzi. Kutsuka ndiko kucotsa mwaye ndi utomoni, monga mai acotsa makoko a nsima mu mphika. Kupaka ndiko kuika mafuta pakati pa zitsulo ziwiri kuti zingadyane, monga mupaka girizi pa gudumu la ngolo. Mankhwala otsuka sapaka, ndipo opaka satsuka kwenikweni.

Injini yanu ndi ya mtundu uti?

Yang'anani kunsi kwa injini. Mukapeza citsekero cothirirapo oyilo, ndi kamtengo koyesera muyeso wace, injiniyo ndi ya 4-stroke. Magalimoto a petulo ali otero, ndi mapampu ambiri, ndi njinga zamoto zambiri za kabaza. M'injini yotere cimene cipaka zitsulo ndi oyilo wa kunsiyo. Petulo nchito yace ndi kuyaka basi. Cifukwa cace timabotolo tolembedwa kuti tipaka mutu wa injini tiribe phindu lalikuru kwa inu. Mankhwala a mtundu umenewu ndi akale ndithu. Marvel Mystery Oil anayamba kugulitsidwa ku America m'caka ca 1923, pamene petulo ndi oyilo zinali zosayengeka bwino monga lero. M'kati mwace muli oyilo wopyapyala ndi zosungunulira. Mukathira pang'ono saononga kanthu, koma sindinaone pampu imene inakhalitsa cifukwa ca iwo. Mukacurutsa, pulagi ida ndi mwaye, ndipo utsi uturuka wobiriwira.

Injini ya 2-stroke ndiyo yosiyana. Iribe mosungira oyilo kunsi. Macaka a petulo oceka matabwa ali otero, ndi makina opopera mankhwala obereka kumbuyo okhala ndi injini, ndi timajenereta tating'ono. Apa oyilo wosanganiza m'petulo ndiye moyo wace wa injini, ndipo ukasoweka pisitoni ikanirira mphindi zocepa. Gulani oyilo wolembedwa 2T, wopangidwa kuti ayake pamodzi ndi petulo osasiya phulusa lambiri. Oyilo wa galimoto sayenera, makamaka wakuda wocotsedwa m'galimoto, amene ndimuona m'mabotolo m'mbali mwa miseu. Muyeso uli wolembedwa pa makina. Akalemba 50:1, ndiye kuti lita imodzi ya petulo ifuna ml 20, ndiwo masipuni anai a tiyi, pakuti sipuni imodzi ndi ml 5. Malita asanu afuna ml 100. Akalemba 25:1 muwirikize kawiri. Sanganizani m'cigubu, mukhucumule bwino, ndipo pamenepo muthire m'thanki.

Za mtobvu wa kale

Akuruakuru ena anena kuti petulo wa kale anali wonona, ndi kuti wa lero ndi wouma. Mau awa ali ndi mutu wace. M'caka ca 1921 Thomas Midgley, wa ku kampani ya General Motors, anapeza kuti mankhwala a mtobvu aletsa injini kugogoda, ndipo kuyambira 1923 anathiridwa m'petulo. Mtobvuwo unkasiya kansalu kofewa pamene mavalavu amenya mutu wa injini, nuteteza citsulo. Koma utsi wace unali ululu, woononga nzeru za ana ang'ono. Motero maiko a mu Afrika a kumwera kwa cipululu ca Sahara analeka petulo wa mtobvu pofika January 2006, ndipo Algeria, dziko lotsiriza, analeka mu 2021. Injini za masiku ano ziri ndi citsulo colimba pamalo pamenepo. Botolo lolowa m'malo mwa mtobvu lifunika kwa mwini galimoto yakalekale yekha. Mwini pampu alisiye pa thandala.

Mankhwala otsuka

Awa ndiwo ali ndi nchito yooneka. Petulo akayaka asiya mwaye pa mavalavu ndi pamwamba pa pisitoni, ndipo akauma m'timabowo ta kabuleta kapena ta injekita asiya utomoni. Injini ibvuta kuliza m'mawa, ipuma mwabefu, nimwa mafuta ambiri. Pa mankhwala otsuka, amphamvu koposa ndiwo ochedwa PEA, amene kampani ya Chevron inawachukitsa ndi dzina la Techron. Apirira moto, cotero atsuka kufikira m'kati moyakira. Ena ochedwa PIBA atsuka njira ya petulo ndi mavalavu, koma m'kati moyakira safikamo bwino. Mabotolo ambiri otsika mtengo ali ndi zosungunulira zonga parafini, ndi mankhwala enieni pang'ono. Tembenuzani botolo, muwerenge kumbuyo. Zilembo zazikuru za kutsogolo nzokopera maso.

Cenjerani ndi muyeso, pakuti mabotolo awa anapangidwira thanki ya galimoto. Ngati botolo la ml 300 lalembedwa kuti likwanira malita 60, ndiye kuti lita imodzi ifuna sipuni imodzi ya tiyi. Pampu ya malita atatu ifuna masipuni atatu okha. Wothira botolo lonse m'pampu alefula petulo, ndipo mankhwala otsalawo atsikira kunsi nasungunula oyilo. Kamodzi pa nyengo nkokwanira, ndipo nthawi yabwino ndiyo pamene mwatsala pang'ono kusintha oyilo. Dziwaninso kuti kabowo ka kabuleta kakatsekeka konse mankhwala sangapitepo. Kafuna kumasula ndi kutsuka ndi manja.

Cimene ciri kale m'petulo wathu

Pano pali nkhani yoposa zonse, ndipo ambiri saidziwa. Petulo wa m'dziko la Malawi afika kwa inu atathiridwa kale kanthu. Kuyambira caka ca 1982, pamene fakitale ya ETHCO inatsegulidwa ku Dwangwa, petulo asanganizidwa ndi ethanol. Ndipo mu 2004 fakitale ya PressCane inayamba nchito yomweyo ku Chikwawa. Ethanol ndiye kacasu weniweni wopanda madzi, wochezedwa ku madzi akuda otsala popanga shuga wa nzimbe. Athandiza dziko, cifukwa acepetsa petulo wocokera kutali ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Aletsanso injini kugogoda, ndiyo nchito imene mtobvu unkagwira, koma wopanda ululu uja.

Ethanol asungunula utomoni. Cifukwa cace akalowa m'thanki yakale yauve atakasa zonyansa, ndipo izi zikatseka kasefa ka petulo. Aumitsanso timapaipi ta mphira ta mtundu wakale kufikira ting'ambika. Tisintheni tikayamba kuuma.

Koma bvuto lace lalikuru ndilo ludzu la madzi. Ethanol akoka cinyezi ca mu mpweya monga ucita mcere nthawi ya dzinja. Petulo wokhala ndi gawo limodzi la ethanol mwa magawo khumi akhoza kusunga madzi onga sipuni imodzi ya tiyi pa lita. Madzi akaposa apo, ethanol aleka petulo, naphatikana ndi madziwo, nakhala pansi pa thanki, pomwe kapaipi kayamwa mafuta. Pamenepo injini izima, kabuleta icita zoyera zonga phulusa, ndi thanki igwira dzimbiri. Pampu yogona ku dimba, pa mame ndi ciperoni, thanki iri theka, ndiyo igwidwa msanga. Alipo mabotolo olembedwa kuti acotsa madzi. M'kati mwace muli mtundu wina wa kacasu womwewo, ndipo petulo amene walekana kale sangamubwezere mwakale. Wotereyo ngwocotsa m'thanki.

Inu amene mugula petulo wa m'zigubu, monga ambiri anacita pa kusowa kwa mafuta kwa 2011 ndi 2012, ndi kwa 2022, muyese musanathire. Tsanulirani pang'ono m'botolo loyera lagalasi, mulikhazike kanthawi, kutali ndi moto ndi fodya. Mukaona mbuu, kapena mzere wolekanitsa za pansi ndi za pamwamba, muli madzi. Donthezaninso dontho pa pepala loyera. Petulo wabwino auma osasiya banga. Koma wosanganiza ndi parafini asiya banga lonona. Parafini agogodetsa injini, natsuka oyilo m'mbali mwa pisitoni, ndipo palibe botolo ku Limbe konse limene lingathe kukonza cimeneco. (Za timibulu toyera tothamangitsira njenjete m'zobvala, timene ena aponya m'thanki, sinditaya mau, tisiyeni m'bokosi la zobvala.)

Ndalama ipite kuti?

Mukandifunsa ine, ndalama yoyamba ipite ku oyilo wa kunsi. Mabuku a injini zambiri zazing'ono anena kuti musinthe oyilo atatha maola 20 oyamba injini iri yatsopano, ndipo pambuyo pace maola 100 ali onse, kapena miyezi isanu ndi umodzi. Yaciwiri ipite ku sefa ya mpweya, pakuti pfumbi la malimwe likalowa m'injini lipala zitsulo ngati mcenga. Sefa yasiponji itsukidwa ndi sopo, niumitsidwa, nipakidwa oyilo pang'ono. Botolo lotsuka libwere pambuyo pa izi, ikatsala ndalama.

Ndipo mvula zikayamba, nchito ya pampu itatha, musaiike m'nyumba ndi petulo m'mimba. Tsekani kampopi ka petulo injini iri ciyakire, muileke izime yokha. Masulani kabauti ka pansi pa kabuleta kuti madontho otsala aturuke, ndipo petulo wa m'thanki mumthire m'njinga yamoto akali wabwino. Cotsani pulagi, mudonthezemo oyilo sipuni imodzi ya tiyi, mukoke cingwe pang'onopang'ono kawiri katatu, mubwezere pulagi. Pampuyo muikhazike pa thabwa, pouma, mkati mwace mopanda madzi, kufikira mwezi wa May.