Khansa Yobisala M'mbuyo mwa Mimba

Inu amene mwangoyamba kumene ntchito m'zipatala, khansa ya khomo la chiberekero mukuidziwa bwino, poti ndiyo ikutha amayi ambiri m'dziko muno. Koma ilipo ina yosowa, choriocarcinoma, imene imapha chifukwa choti palibe anaiganizira.

Khansa imeneyi imachokera ku nsengwa. Kawirikawiri imatsatira mimba ya matuza, yopanda mwana, imene potsuka m'chiberekero mumatuluka timatuza tonga mphesa, komanso itha kubwera mayi atapita padera kapena atabereka bwinobwino. Sichedwa kufalikira ku mapapo. Ndiye mayi amafika atawonda, akutsokomola magazi, ife maganizo onse n'kuthamangira ku chifuwa chachikulu. M'makhololo osapezeka kanthu, ife n'kumuyambitsabe mankhwala a TB, miyezi n'kumapita.

Safunsa anadya phula. Funsani: "Amayi, mimba yomaliza inatha liti, ndipo inatha bwanji? Magazi anasiya?" Mukatero yezani mkodzo ndi kachipangizo koyezera mimba kaja, chifukwa chotupachi chimatulutsa homoni ya hCG monga imachitira mimba. Kakaonetsa mizere iwiri, pojambula osaoneka mwana m'chiberekero ngakhale kunja kwake, mutumizeni kuchipatala chachikulu osachedwa. Mukaona kachotupa kofiirira m'njira ya abambo, chonde musakadule kuti mukayeze. Magazi ake savuta kuyamba koma amavuta kuletsa.

Zotuluka potsuka m'chiberekero, zikakukayikitsani, musathamangire nazo kudzenje. Ikani mu formalin, lembani dzina ndi tsiku, zipite kwa oyeza ku chipatala cha Kamuzu Central kapena cha Queens. Zotsatira zikachedwa, imbani foni.

Khansayi imachizika ngakhale itafalikira. Mu 1956, ku America, dokotala Min Chiu Li anachiza mayi woyamba ndi methotrexate. Iye ankapitiriza mankhwala mpaka hCG itatheratu m'magazi, ngakhale chotupa chisakuonekanso. Akuluakulu ake anaona ngati akuzunza odwala, anamuchotsa ntchito, koma pambuyo pake zinadziwika kuti ndiye ankalondola.

Inunso musatsanzike mayi wa mimba ya matuza chifukwa nkhope yasalala. Mupatseni njira yolera, ndipo mufotokozereni pamodzi ndi bambo wa kunyumba kuti mimba yatsopano ingasokoneze kuyeza. Lembani m'buku lake la kuchipatala, ndi zilembo zazikulu, tsiku lodzayezetsanso. Akapanda kubwera, uzani alangizi a zaumoyo a m'dera lake akamufune kumudzi.