Phunziro: Nsomba Yaikulu Ndiyo Mbeu

Colinga ca phunziro

Tonse tidziwa kuti njala ingakule motani, cimanga ca mbeu sitiphika. M'phunziro ili tidzaona kuti lamulo lomweli ligwira nchito ngakhale m'madzi. Citsanzo cathu ticitenga ku South Africa, kwa anthu owedza nsomba m'mphepete mwa nyanja ya mcere. Anthu amenewa sawedza cifukwa ca njala. Ambiri ali pa nchito m'matauni, ndipo pa Ciweru atenga ndodo ndi mbedza kupita kugombe kukapumula. Lamulo la dziko lao siliwalola kugulitsa nsomba zimene agwira.

1. Kodi nsomba zinacepa bwanji?

Munthu wa mbedza imodzi aganiza kuti sangathe nsomba za m'nyanja. Koma mbedza zikaculuka, kuonjezapo mabwato a amalonda, ngakhale nyanja yaikulu itopa.

Titenge nsomba imene dzina lake ndi dusky kob. Nsombayi ikhoza kulemera makilogalamu oposa 70 ndi kukhala ndi moyo zaka 40. Koma siyamba kuswana kufikira itakwanitsa zaka 5 kapena 6, itatalika pafupifupi mita imodzi. Zaka zonsezo ikulira m'madzi osaya, pamene mitsinje ithira m'nyanja ndi m'mafunde a kugombe, pomwepo pamene owedza aponya mbedza zao. Kotero zambiri zinali kugwidwa zisanaikire mazira ngakhale kamodzi.

Mu 1997 akatswiri anapeza kuti kob zoswana zinatsala zosafika magawo 5 mwa magawo 100 a zimene zinaliko kale. Nsomba ina, seventy-four, inasowa kotero kuti mu 1998 boma linaletsa kuigwira. Mu 2000 boma linalengeza kuti mitundu yambiri ya nsomba zogwidwa ndi mbedza ili pangozi.

2. Owedza anathandiza kuwerenga

Munthu sangasamale nkhokwe imene sadziwa za m'kati mwake. Mu 1984 bungwe la Oceanographic Research Institute la ku Durban linayamba nchito yoika zizindikiro pa nsomba, ndipo linapempha owedza kuti athandize popanda malipiro. Wowedza akagwira nsomba, aiyesa utali, aibaya kacizindikiro ka pulasitiki kokhala ndi nambala kumsana, alemba tsiku ndi malo, naibweza m'madzi. Wina akadzaigwira, atumiza nambala ija ku bungwelo. Mwa njira imeneyi nsomba zoposa 300,000 zaikidwa zizindikiro.

Nambalazi zinaulula cinthu cofunika. Nsomba zambiri za kugombe siziyenda kutali ai. Galjoen, imene ili nsomba ya fuko la South Africa, kawirikawiri inali kugwidwanso pafupi ndi pamene inabwezedwa. Tsono ngati nsomba zili ndi kwao, anthu angathe kumaliza zonse za pamalo amodzi, koma angathenso kuzisunga mwa kutseka malowo.

Ku De Hoop, boma linatseka gombe mu 1985. Akatswiri pamodzi ndi owedza odzipereka anapitiriza kuwedza kumeneko pofuna kuwerenga cabe, nabweza nsomba iliyonse. Patangopita zaka zowerengeka, galjoen zinali kugwidwa kanai kapena kasanu kuposa poyamba.

3. Kubweza nsomba yamoyo

Mu 2005 boma linalamula kuti wowedza kob ali kugombe la kum'mawa atenge imodzi yokha pa tsiku, yosacepera masentimita 60. Koma taona kale kuti kob ya masentimita 60 ikali mwana. Cifukwa cace owedza ena apitirira pa lamulo mwa kufuna kwao, nabweza ngakhale zimene aloledwa kutenga, makamaka zazikulu zonyamula mazira ambiri. Pa mipikisano ina kale anali kuunjika nsomba zakufa pa sikelo, koma tsopano angoyesa utali ndi kubweza.

Kubweza kokha sikukwanira, pakuti nsomba yovulala ikafera patsogolo. Owedza osamala atsata malangizo awa:

(a) Aphwatalitsa kamunga ka kunsonga kwa mbedza kuti mbedza ituluke msanga.
(b) Anyowetsa manja asanagwire nsomba, kuti asacotse zoterera za pakhungu zimene ziiteteza ku matenda.
(c) Saikoka pa mcenga wouma kapena pa miyala yotentha.
(d) Aisunga m'ndowa ya madzi pocotsa mbedza, naibweza mosataya nthawi.

4. Tiphunzirapo ciani?

Tisaganize kuti nkhondoyi yatha. Kob siinabwerere monga kale, cifukwa nsomba yofuna zaka 6 kuti iswane sicira msanga. Kuononga kutenga nyengo imodzi, kukonza kutenga zaka.

Ndi zoona kuti kubweza nsomba n'kosavuta kwa munthu wolandira malipiro pa mwezi, koma n'kowawa kwa mai amene ana ali kumudikira ndiwo. Komabe nsomba zikatha, wowedza wa m'tauni apeza cosangalatsa cina, pamene wosauka ndiye atsala ndi mphika wouma.

Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja ya mcere, koma pa caka ca cilala ambiri a ife tithamangira ku mitsinje ndi madamu, ndipo madzi akaphwa nsomba ziunjikana m'maiwe ocepa. Apa ndi pamene katupe ndi maneti a udzudzu amaliza mai ndi mwana yemwe. Boma litseka usodzi m'madzi ambiri kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Koma monga owedza aja, tisadikire wa boma kuti aime pagombe. Mutu umodzi susenza denga: mafumu, asodzi ndi amai ogulitsa nsomba apangane dziwe limene lidzasiyidwa ngati nkhokwe ya mbeu.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ndi nsomba ziti zimene makolo athu anali kugwira kuno zimene lero sitizionanso?
2. N'cifukwa ciani kutseka gombe la De Hoop kunathandiza galjoen?
3. Kodi ndi dziwe liti la kwathu limene tingapatule, ndipo adzaliyang'anira ndani?
4. Tingathandize bwanji banja losowa ndiwo pa miyezi yotseka usodzi?