Mmene Mungaonere Bwino Mzinda wa Dublin M'masiku Ochepa

Dublin, likulu la dziko la Ireland, si mzinda waukulu kwenikweni. Malo ambiri ofunika kuona ali pafupi ndi mtsinje wa Liffey, womwe umadula mzindawu pakati, ndipo munthu wamiyendo yabwino amawafika wapansi. Koma mukamayenda nokha mukhoza kudutsa pa positi ofesi yaikulu n'kuiona ngati nyumba yotumizirako makalata basi, osadziwa kuti anthu anafera pomwepo pofuna ufulu. N'chifukwa chake ndikunena kuti ku Dublin ndalama yolipira munthu wokulondolerani sipita pachabe.

Musanagule tikiti ya ndege, yambani ndi viza. Dziko la Ireland silili m'gulu la Schengen, choncho viza ya mayiko ngati France kapena Germany sikulowetsani kumeneko. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Ireland yeniyeni, ngakhale akukhala ku Britain. Fomu yake imalembedwa pa intaneti, ndipo ofesi ya kazembe wa Ireland ili ku Lilongwe. Pemphani kukadali nthawi. Ndalama ya kumeneko ndi yuro. Mapaundi amagwira ntchito ku Belfast, osati ku Dublin.

Viza ikatuluka, chinthu choyamba kugula ndi tikiti ya kundende yakale ya Kilmainham Gaol. M'ndendemu simulowa munthu payekha, aliyense amayenda pagulu ndi wolondolera wa pamalopo. Matikiti amayamba kugulitsidwa pa intaneti kutatsala masiku 28, ndipo satenga nthawi kutha, makamaka m'miyezi ya June, July ndi August. Mukapeza tsiku ndi ola, zina zonse muzikonze mozungulira pamenepo. Gulaninso tikiti ya ku Trinity College musananyamuke.

Bwalo la ndege lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kumpoto kwa mzinda, ndipo kulibe sitima yofika kumeneko. Kwerani basi ya Dublin Express kapena Aircoach, kapena basi wamba nambala 16 kapena 41 ngati mukufuna kusunga ndalama. Gulani khadi ya alendo yotchedwa Leap Visitor Card, ya tsiku limodzi, masiku 3 kapena masiku 7. Imagwira ntchito m'mabasi a mumzinda, m'sitima zapamsewu za Luas ndi m'sitima ya DART yoyenda m'mbali mwa nyanja. Izi n'zofunika chifukwa dalaivala wa basi wamba salandira ndalama zapepala ndipo sabweza chenji. Magalimoto amayenda kumanzere monga kwathu, ndipo pulagi ya mano atatu yomwe mumatchajira foni ku Blantyre ilowa bwinobwino.

M'mawa wa tsiku loyamba lowani m'gulu loyenda wapansi ndi wolondolera. Maulendo otere amatenga maola awiri kapena atatu. Ena mumalipiriratu, ena amati ndi aulere, koma dziwani kuti wolondolerayo amadya zimene anthu amamupatsa pamapeto, choncho sungani kenakake m'thumba. Sankhani gulu laling'ono kuti muzimva bwino ndi kufunsa mafunso. Mabasi osatseka pamwamba ozungulira mzinda ndi abwino kwa okalamba ndi amene ali ndi ana, koma salowa m'tinjira tating'ono momwe muli mbiri yambiri.

Pa ulendowu onetsetsani kuti mwafika malo atatu. Poyamba Dublin Castle, yomwe Mfumu John ya ku England inalamula kuti imangidwe mu 1204, pafupi ndi pomwe Mavaikingi anamanga msasa wawo mu 841. Ulamuliro wa Angerezi unkachokera pamenepa mpaka mu January 1922, pamene malowa anaperekedwa kwa Michael Collins, mtsogoleri wa boma latsopano la Ireland. Kenako wolokani mtsinje pa mlatho wachitsulo wa Ha'penny Bridge wa mu 1816, mupite ku msewu wa O'Connell Street. Pamenepo pali positi ofesi ija, yomwe eni ake amangoti GPO. Pa 24 April 1916 Patrick Pearse, mmodzi wa atsogoleri a anthu oukira ulamuliro wa Angerezi, anaima panja pake n'kuwerenga chikalata cholengeza kuti Ireland ndi dziko loima palokha. Nkhondo imene inabuka pamenepo sinathe ndi sabata yomwe, oukirawo anagonja. Malo achitatu ndi Custom House Quay, pomwe pali ziboliboli za anthu owonda, onyamula timitolo, zokumbutsa njala ya 1845 mpaka 1852. Matenda anagwira mbatatesi, anthu pafupifupi 1 miliyoni anamwalira, enanso ochuluka chomwecho anathawira kunja, pamene zakudya zina zinkatumizidwabe ku England. Munthu amene anaona njala ya 2002 kwathu kuno sangadutse pamalowa mothamanga.

Mukaona zimenezi m'pamene muyenera kupita ku Kilmainham, chifukwa kumeneko ndi komwe nkhani ya pa GPO inakathera. Ndendeyi inatsegulidwa mu 1796 ndipo inatsekedwa mu 1924. Wolondolera adzakulowetsani m'tinjira tozizira tamdima momwe ankatsekeramo amuna, akazi ngakhale ana, ena chifukwa choba chakudya m'nthawi ya njala. Adzakuonetsani kachalichi komwe Joseph Plunkett, mmodzi wa atsogoleri a oukira aja, anakwatira Grace Gifford kutatsala maola ochepa kuti aphedwe. Pomaliza mudzatulukira pa bwalo la miyala pomwe atsogoleri 14 anawomberedwa pakati pa 3 ndi 12 May 1916. Mmodzi wa iwo, James Connolly, anali atavulala kwambiri moti sakanatha kuima, ndiye anamumangirira pampando. Anthu ambiri a mumzindawu poyamba sanasangalale ndi kuukirako, koma imfa zimenezi zinasintha mitima yawo. Fikani kutatsala mphindi zingapo, valani zofunda, ndipo pa bwalopo ikani foni m'thumba.

Ku Trinity College, yomwe inakhazikitsidwa mu 1592, pitani m'mawa anthu asanachuluke. Kuli Book of Kells, buku la Mauthenga Abwino anayi lomwe amonke analemba ndi kukongoletsa pamanja cha m'ma 800. Limaonetsedwa lotsegula pamalo amodzi okha, choncho yambani mwawerenga zofotokoza zomwe zili m'chipinda choyamba. Ku Guinness Storehouse, komwe Arthur Guinness anachita lendi malo ofululirapo mowa kwa zaka 9,000 mu 1759, kumapita anthu ambiri ndipo tikiti yake ndi yodula. Ngati simumwa mowa, mukhoza kukusiya osadandaula.

Thumba likayamba kupepuka, pali malo abwino olowa ulere. Ku National Museum ya pa Kildare Street kuli zinthu zagolide zakalekale ndi mitembo ya anthu yomwe inasungika m'madambo kwa zaka zoposa 2,000. Ku Chester Beatty, kuseri kwa Dublin Castle, kuli zidutswa zakale kwambiri za makalata a Paulo. Ku Phoenix Park mudzaona agwape akuyenda momasuka, koma musawapatse chakudya. Madzulo, dera la Temple Bar ndi lokongola kulidutsa, koma zakudya ndi zakumwa n'zokwera mtengo; nyimbo zachikhalidwe kamvereni ku The Cobblestone, ku Smithfield.

Mvula imagwa mwezi uliwonse ndipo mphepo imathyola maambulera, ndiye tengani jekete yosalowa madzi ndi nsapato zomwe munazizolowera kale. Mu June kumada cha m'ma 10 koloko usiku, mu December kumayamba kuda 4 koloko itangokwana, choncho m'nyengo yozizira malo apanja muziyendera m'mawa. Samalani chikwama ndi foni pamalo odzaza anthu. Pakagwa vuto imbani 112 kapena 999, manambala onsewa ndi aulere.