Lendi ya nyumba yosungira zokolola: mbewu iliyonse isenze gawo lake

Ku Kapondo, monga m'madera ambiri a boma la Mchinji, kopaletivi imodzi imatha kugula mtedza, soya ndi chimanga n'kuzisunga m'nyumba imodzi. Mlonda ndi mmodzi, sikelo imodzi, lole yopita ku Lilongwe imodzinso. Msungichuma akangogawa ndalama zolipirira zimenezi patatu mofanana, mbewu ina imaoneka yopindulitsa chonsecho yaberekedwa kumsana ndi inzake. Excel ya pa laputopu kapena Google Sheets ya pa foni imawongola zimenezi, bola ikonzedwe bwino.

Choyamba, msungichuma alembe patsamba limodzi ndalama zonse zotuluka, n'kupatula za mbewu imodzi yokha. Malipiro a amayi osankha mtedza ndi ndalama zoyezetsa chuku ndi za mtedza basi. Alimi a MASFA, bungwe la pansi pa NASFAM lomwe linalandira chiphaso cha Fairtrade mu 2004, amadziwa kuti msika wa ku Ulaya sulola mtedza wachuku. Kuyezetsako n'kofunika, koma mlimi wa soya sayenera kukulipirira.

Zotsalazo ndi zogawana, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Pa ndalama iliyonse msungichuma adzifunse kuti imakwera chifukwa cha chiyani. Ya lole imatsata makilogalamu. Lendi ndi malipiro a mlonda zimatsata matumba komanso miyezi imene akhala m'nyumbamo. Tiyerekeze kuti ziwirizi zakwana K600,000. Soya ndi matumba 300 omwe akhala mwezi umodzi, zomwe zikupereka 300. Mtedza ndi matumba 100 kwa miyezi itatu, 300 winanso. Chimanga ndi matumba 150 odikira mtengo wabwino kwa miyezi inayi, 600. Zonse pamodzi 1,200, kutanthauza K500 pa thumba pa mwezi. Soya asenza K150,000, mtedza K150,000, chimanga K300,000. Kugawa mofanana kukanabisa K100,000 ya chimanga, ndipo komiti ikanaganiza kuti kusunga chimanga nthawi yaitali kulibe mtengo.

Kenaka mitengo ya matumba, mafuta ndi ya kwacha ya ku Zambia (kwa omwe amayang'ananso msika wa ku Chipata) ikhale patsamba lakelake, mafomula onse azitenga kumeneko. Kwacha ya Malawi itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wokonza motere anangosintha mabokosi ochepa, ziwerengero zonse n'kutsatira zokha.

Pansi penipeni pakhale bokosi lochotsa ndalama zopatulidwa ndi zogawidwa ku ndalama zonse zotuluka. Likaonetsa china osati 0, pena pake palumphidwa kapena pawerengedwa kawiri.

Chomaliza sichili pa kompyuta. Kagawidweka kafotokozedwe pa msonkhano wa mamembala onse kugula kusanayambe, kavomerezedwe, kalembedwe m'buku la maminitsi, ndipo kasasinthidwe mpaka nyengoyo ithe.