Masitepe a Ambuya

Masitepe a pakhonde la ambuya anali atakumbika. Tsiku lina ambuya anapunthwa, ndipo anatsala pang'ono kugwa.

Atate anatseka maenje onse ndi simenti. Simentiyo itauma, Dalitso anasesa ndi kukolopa.

"Penti sigwira pa fumbi," anatero atate.

Atate anathira mcenga pang'ono mu penti yofiira kuti masitepe asamaterere. Anayamba kupenta sitepe ya pamwamba, namatsika.

"Atate, nanga ambuya azilowera kuti?" anafunsa Dalitso.

"Kukhomo la kumbuyo, mwanawe, mpaka penti iume."

Patapita masiku awiri, ambuya anakwera masitepe mosaopa.

Mafunso
1. Kodi atate anatseka maenje ndi ciani?
2. N'cifukwa ciani anathira mcenga mu penti?