Kodi Mtukula Pakhomo wathawitsa aganyu pa Tsangano?

Nyengo yokumba mbatata ya kachewere ikafika, amalonda ena pa Tsangano amadandaula kuti aganyu osankha ndi kulongedza mbatata akusowa chifukwa cha Mtukula Pakhomo.

Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006. Ndalamazo zimapita kwa mabanja osaukitsitsa omwe alibe anthu okwanira ogwira ntchito: okalamba, aulumali, olera ana amasiye. Kafukufuku anapeza kuti olandirawo amachepetsadi ganyu, koma nthawiyo amakalima minda yawo, kuweta mbuzi ndi kuchita timalonda. Si ulesi ayi. Njala ikachepa pakhomo, munthu savomera mtengo uliwonse.

Choncho wamalonda agwirizane nawo mtengo wa thumba ntchito isanayambe, ndipo alipire tsiku lomwelo. Wotero sasowa omupakirira katundu lole ya ku Blantyre ikafika.