Mwamuna nayenso amagwiriridwa: uthenga kwa mabanja a ku Lichinga

Mwana wamkazi akagwiriridwa, amalume amafika ndipo amfumu amauzidwa. Koma zikagwera mnyamata kapena bambo, ena amaseka, ena amafunsa kuti, "Mwamuna mnzako angakugwire bwanji iwe uli ndi manja?" Akakhala kuti wamukakamiza ndi mayi wamkulu, amamuuza kuti wachita mwayi. Mapeto ake amangofa nazo mumtima. Uku n'kumupweteka kawiri.

Nkhanzazi zilipo pakati pathu. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene anachitika muno mu Mozambique mu 2019 anapeza kuti anyamata pafupifupi 8 pa 100 alionse anachitiridwa nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Zimachitika m'ndende, kogona ana asukulu, kumadoko a usodzi, kumigodi, ngakhale m'nyumba momwe, ndipo kawirikawiri wochitayo amakhala munthu wodziwika: wachibale, bwana wa ganyu, mnzake womwa naye mowa.

Pali chinthu chimene chimatseka pakamwa amuna ambiri. Nthawi zina thupi limadzuka kapena kutulutsa umuna pamene munthu akugwiriridwa, ndiye amayamba kudziimba mlandu kuti mwina ankafuna. Ayi ndithu. Thupi limachita zimenezi palokha, ngakhale munthu ali ndi mantha aakulu. Ena amangouma thupi, osatha kumenya kapena kukuwa. Kumeneko si kuvomera, ndipo iye akadali mwamuna.

Makolo, khalani tcheru. Mnyamata amene wayambanso kukodza pogona, akuvutika kukhala pansi, kabudula wake wamkati ali ndi magazi, kapena akukana kwamtuwagalu kutumidwa kunyumba ina imene kale ankapitako mosangalala, musamukalipire. Mutengereni pambali, mumufunse mofatsa. Akayamba kulankhula, mawu oyamba akhale akuti, "Ndakumva mwanawe, iwe sunalakwe." Bambo wamkulu amene wagwiriridwa angayambe kumwa mowa kwambiri, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, kapena kulankhula zodzipha. Ameneyo musamusiye yekha.

Zikachitika, kuchipatala msanga, pasanathe maola 72, kutanthauza masiku atatu. Mkati mwa nthawi imeneyi munthu angalandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV, amene amamwa masiku 28 osadumphitsa. Akang'ambika kumalo ochitira chimbudzi, kachilomboka kamalowa mosavuta, choncho tsiku lililonse lozengereza ndi lowopsa. Ngati n'kotheka asasambe kaye, ndipo zovala zimene anavala musazichape. Zikulungeni m'pepala, osati m'jumbo ya pulasitiki. Pitani ku Hospital Provincial de Lichinga kapena kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu. Ngakhale masiku atatu adutse, pitanibe: mabala, matenda opatsirana pogonana ndi nkhawa zonse zili ndi chithandizo chake.

Lamulo lili kumbali ya wogwiriridwayo. Lamulo la milandu la 2019 limati kugwirira munthu, mwamuna kaya mkazi, ndi mlandu. Nkhani yotere si yothera pa bwalo la pabanja ndi mbuzi kapena ndalama, chifukwa wogwirirayo akasiyidwa amakagwiriranso mwana wa wina. Kanenani kupolisi, ku Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência. Ngati wachitiridwayo ndi mwana, imbani 116, Linha Fala Criança. Foniyi ndi yaulere.